Popi wa ku Helmand: ngongole yomwe inakula mpaka kukhala nkhondo

Chitulukireni lipoti la UNODC, nthambi ya UN yoona za mankhwala ozunguza bongo, mu Novembala 2023, mkangano sunazizire mpaka pano. Lipotilo linati minda ya popi ku Afghanistan yatsika kuchoka pa mahekitala 233,000 mu 2022 kufika pa 10,800 basi, ndipo opiyamu wokololedwa watsika kuchoka pa matani 6,200 kufika pa 333. Nde ena akuti mwaonatu, a Taliban achita m'chaka chimodzi zomwe America ndi anzake anakanika kwa zaka 20, pomwe ena akuti ayi imeneyo ndi njomba chabe, akungofuna mtengo ukwere kuti agulitse bwino zomwe anabisa. Ine ndawerenga za mbali zonse ziwiri ndipo chondivuta nchoti onsewa akuyankhula ngati nkhaniyi yayamba dzana, chonsecho lamulo loletsa kulima popi longa lomwe a Taliban anapereka mu 2022 linaperekedwapo kale mu 2000, ndipo zomwe zinachitika kuchokera pamenepo kufika 2006 ndi zimene zinaphika nkhondo yomwe tonse tinkaionera pa TV ija.

Poyamba timvetsetsane za mbewuyi, chifukwa wosaidziwa sangamve chomwe mlimi amaikakamirira. Kum'mwera kwa Afghanistan popi amadzalidwa cha mu Okutobala ndi Novembala, kukolola cha mu Epulo ndi Meyi. Maluwa akayoyoka pamatsala kachibulunga kobiriwira, ndipo anthu amalowa m'munda dzuwa litapendeka ndi kampeni kakang'ono kumacheka kachibulungako pang'ono pang'ono, utomoni woyera nkumatuluka, usiku umada nkuuma, m'mawa nkudzapala. Kachibulunga kamodzi kamachekedwa kangapo, ndiye ganizani munda wonse. Ndi ntchito yodya anthu ambiri zedi kuposa tirigu, nchifukwa chake nyengo yokolola aganyu amakhamukira ku Helmand kuchokera zigawo zina. Utomoni umenewu ndiye opiyamu. Suola, utha kuusunga zaka m'nyumba, ndi wopepuka moti munthu anyamula chuma cha banja lonse m'kathumba, komanso ogula amabwera okha pakhomo, sufuna msewu wabwino kapena msika wa boma. Ukauphika umatulutsa mofini, mankhwala omwe aja amapatsa odwala khansa kuchipatala kuti ululu uchepe, ndipo ukaonjezera mankhwala ena otchedwa acetic anhydride umapeza heroin.

Za kale kwambiri ndingodutsapo mwachangu. Afghanistan ankalima popi kuyambira kalekale koma sanali mkulu wa geniyi. Iran analetsa ulimiwu mu 1955, Turkey naye analetsa mu 1972 atakakamizidwa ndi America, Pakistan anakhwimitsa malamulo mu 1979, ndipo nthawi zonse khomo lina likatsekedwa ogula ankangosuntha kukagogoda pena. Za Turkey nzofunika kuzikumbukira: alimi kumeneko anadandaula, boma linabweza lamulo mu 1974 nkuyamba kupereka ziphaso zolima popi wopangira mankhwala akuchipatala, ndipo mpaka lero akulima mwalamulo.

Helmand weniweni, chigawo chomwe chinadzakhala likulu la opiyamu padziko lonse, madzi ake anakonza ndi Amereka. Kuyambira 1946 kampani ya Morrison-Knudsen inayamba kukumba ngalande m'chigwa cha mtsinje wa Helmand, damu la Kajaki linatha mu 1953, ngalande ya Boghra inatengera madzi kumalo ouma ngati Nad-e Ali ndi Marja komwe boma linakhazikako anthu ochokera kwina, ndipo tauni ya Lashkar Gah inkatchedwa America wamng'ono. Cholinga chinali tirigu ndi thonje. Sungani dzina la Boghra, tibwererakonso.

Kenako mu Disembala 1979 asilikali a Soviet Union analowa, ndipo zaka 10 za nkhondo zinaphwanya mudzi wa Afghanistan. Ngalande zakale zapansi pa nthaka zomwe amati karez zinagumuka, ziweto zinafa, minda ya mphesa ndi zipatso zina yomwe imatenga zaka kuti ibereke inaphedwa, anthu oposa 5 miliyoni anathawira ku Pakistan ndi Iran. Otsala ankafuna mbewu yoti ibweretse ndalama chaka chomwecho. Nawo atsogoleri a mujahideen, magulu omenyana ndi asilikali a Soviet, omwe America ndi Saudi Arabia ankawatumizira zida kudzera kwa akazitape a Pakistan a ISI, ankafuna ndalama zawozawo zosadalira munthu. Kumpoto kwa Helmand, ku Musa Qala, kunali Mullah Nasim Akhundzada, yemwe olemba mbiri ambiri amati analoleza ulimi wa popi m'dzina la chipembedzo ndipo ankalamula alimi a m'dera lake kuti gawo la munda lizikhala la popi, wokana ankaona zakuda. Malinga ndi UN, dziko lonse linkakolola matani pafupifupi 200 mu 1980, pofika 1990 anali atapitirira 1,500.

Apa olemba amasiyana ndipo ndi bwino kunena. Katswiri wa mbiri Alfred McCoy amatsindika kuti CIA, nthambi ya akazitape a America, inkadziwa kuti anzake akugulitsa mankhwala koma inatseka maso chifukwa chachikulu kwa iwo chinali kugwetsa Soviet, ndipo nyuzipepala ya Washington Post inalembadi mu 1990 kuti akuluakulu ena a gulu la Gulbuddin Hekmatyar, mtsogoleri wa mujahideen yemwe ankalandira zida zambiri kuposa anzake, anali ndi mafakitale a heroin. Ena amati McCoy amakuza kwambiri dzanja la America nkuchepetsa zomwe alimi ndi amalonda akomweko ankachita paokha. Ine ndimaona kuti zoti anatseka maso zili ndi umboni wokwanira, koma zoti anachita kukonza dala geni yonseyi umboni wake ndi wofooka. Kankhani kena ka Nasim: zinalembedwa kuti mu 1989 anagwirizana ndi kazembe wa America ku Pakistan, Robert Oakley, kuti achepetsa popi akapatsidwa thandizo la madola 2 miliyoni. Anachepetsadi, thandizolo silinabwere, ndipo mu Malichi 1990 anawomberedwa ku Pakistan.

Tsopano tifike pa chomwe ine ndimati ndi mtima wa nkhani yonse, ngongole. Kumidzi ya Afghanistan kunalibe banki yoti mlimi wamng'ono akabwerekeko. Chomwe chinalipo ndi dongosolo lotchedwa salaam: nthawi yachisanu, chakudya chitatha m'nyumba, wamalonda amakupatsa ndalama lero, iwe nkulonjeza kudzamupatsa makilogalamu akutiakuti a opiyamu ukakolola, ndipo mtengo womwe amakupatsa nthawi zambiri umakhala theka la mtengo wapamsika. Aliyense amene anaonapo munthu akugulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda chifukwa cha njala ya Febuluwale, kapena amene anagwidwapo ndi katapila, azindikira msanga. Koma chofunika kumvetsa nchoti ngongoleyo siinkawerengedwa m'ndalama ayi, inkawerengedwa m'makilogalamu a opiyamu. Ndiponso eni minda akuluakulu ankabwereketsa malo kwa matenanti pokhapokha ngati alima popi. Ndiye munthu wopanda malo, kuti apeze munda, nyumba yogona ndi ngongole yodyetsera ana, njira yake inali duwa lomweli basi.

A Taliban atalanda Kandahar mu 1994 ndi Kabul mu 1996 sanaletse kwenikweni, ankangotolera msonkho, ndipo mu 1999 zokolola zinadutsa matani 4,500. Kenako pa 27 Julayi 2000 mtsogoleri wawo Mullah Omar analengeza kuti kulima popi nkosaloledwa. Anagwiritsa ntchito akuluakulu a m'midzi ndi amalimu, wophwanya lamulo ankamangidwa, ena kupakidwa zakuda kumaso nkuyendetsedwa pamsika. Zinagwira. Minda inatsika kuchoka pa mahekitala 82,000 kufika pafupifupi 8,000, zokolola za 2001 zinali matani 185 okha, ndipo ambiri mwa amenewo anachokera ku Badakhshan, dera lomwe linali m'manja mwa adani a Taliban.

Nanga mlimi? Mtengo wa kilogalamu unali cha m'madola 30 lamuloli lisanabwere, koma m'chaka chimodzi unakwera kakhumi ndi kupitirira. Ndiye tengani bambo yemwe anabwereka ndalama yochepa nkulonjeza makilogalamu 5. Saloledwa kulima, ndiye opiyamuyo alibe, wamalonda akuti chabwino ndipatse ndalama yake pa mtengo wa lero, ngongole yomwe inali yoti angaikwanitse yasanduka phiri usiku umodzi, ndipo zonsezi zikuchitika mkati mwa chilala choopsa chomwe chinagwa zaka zimenezo. Ofufuza omwe anayenda m'midzi nthawiyo, mmodzi wa iwo David Mansfield amene wakhala akutsata ulimiwu kwa zaka zoposa 20, analemba za anthu opinyolitsa minda, ogulitsa ng'ombe zolimira, othawira ku Pakistan usiku, ndi ena okwatitsa ana aakazi aang'ono kwa mwini ngongole. Gawo limeneli limandiwawa nthawi zonse ndikaliwerenga, chifukwa mwanayo sanalime, sanagulitse, sanasute. Pomwe amalonda akuluakulu omwe anali ndi katundu wosunga analemera kuposa kale, pakuti lamulolo linaletsa kulima koma geni yogulitsa inkapitirira.

Chomwe Mullah Omar analetsera, anthu amakanganabe. Ena amati ankafuna mayiko avomereze boma lake ndi kumupatsa thandizo, ena amati kunali kukweza mtengo wa zosungidwa, ena amati chinali chikhulupiriro chenicheni. Chodziwika nchoti mu Disembala 2000 UN inaonjezera zilango pa boma lake chifukwa chosunga Osama bin Laden, ndipo ngakhale America inalengeza thandizo la madola 43 miliyoni mu Meyi 2001, linali la chilala lodzera m'mabungwe ndipo silinafanane ndi zomwe midzi inataya. Mansfield amanena kuti lamuloli linachotsera a Taliban chikondi cha anthu akumidzi, ndipo mwina ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anagwera msanga.

Mabomba a America anayamba kugwa pa 7 Okutobala 2001, ndendende nyengo yodzala. Boma loletsa lija likuthawa, alimi ali ndi ngongole mpaka m'khosi, mtengo uli kumwamba, mukuganiza akanadzala chiyani? Mu 2002 minda inabwerera pa mahekitala 74,000, matani 3,400.

Apa ndi pomwe dziko likanatha kukhululukira kapena kugula ngongole zija, kukonza ngalande, kutsegula malo obwerekera ndalama. M'malo mwake Britain, yomwe inapatsidwa udindo wotsogolera nkhondo yolimbana ndi mankhwalawa, inabwera ndi pulani yolipira alimi madola 350 pa jerib iliyonse yomwe yaonongedwa, jerib kukhala ngati theka la ekala. Ndalamazo zinkadutsa m'manja mwa akuluakulu a m'zigawo, zambiri zinathera m'njira, alimi ena anathyoleredwa mbewu osalandira kanthu, ena ataona kuti popi akulipiridwa anadzala wochuluka chaka chotsatira. Ndipo abwanamkubwa omwe boma latsopano la Hamid Karzai linaika m'zigawo anali anthu omwe aja a mfuti a zaka za m'ma 1980 kapena ana awo. Ku Helmand anaikako Sher Mohammad Akhundzada, mwana wa mchimwene wake wa Nasim uja. Ndiye kuononga minda kunasanduka chida: mathirakitala ankalowa m'minda ya fuko lodana ndi bwanamkubwa kapena ya amphawi osatha kupereka chiphuphu kwa apolisi, minda ya abale ndi anzake inkalambalalidwa.

Mu 2005 matani 9 a opiyamu anapezeka pa maofesi a bwanamkubwayu. Iye anati anali olandidwa kwa ozembetsa ndipo ankayembekezera kuwaotcha. A Britain, omwe ankakonzekera kutumiza asilikali ku Helmand, anaumirira kuti achotsedwe ndipo anachotsedwadi kumapeto a chakacho, Karzai nkumupatsa mpando ku nyumba ya malamulo. Patapita zaka zingapo iye mwini anauza nyuzipepala ya ku Britain kuti atachotsedwa analibe ndalama zolipira anyamata ake pafupifupi 3,000, ndiye anawauza kuti apite kwa a Taliban. Kaya nambalayo anaikuza pofuna kuoneka wamphamvu, koma zomwe asilikali a Britain anakumana nazo atafika mu 2006 ku Sangin ndi Musa Qala zikusonyeza kuti adani anali atachulukadi. Kwa mlimi, msilikali wachilendo ndi thirakitala yodzaononga munda zinafika nthawi imodzi, ndipo a Taliban, omwe aja anamuletsa kulima zaka zisanu zapitazo, anabwera nkumuuza kuti lima, tikuteteza. Iyi ndiye nthawi yomwe duwa ndi zigawenga zinamangidwa mfundo imodzi.

Zotsatira zake nzodziwika ndipo sindichedwapo. Pakati pa 2008 ndi 2011 bwanamkubwa Gulab Mangal anagawa mbewu ya tirigu ndi fetereza m'dera la ngalande, popi anachepadi kumeneko, koma eni minda sanafunenso matenanti poti tirigu safuna anthu ambiri, nde anthu aja anaoloka Boghra kupita kuchipululu, anakumba zitsime zakuya, poyamba ndi mapampu a dizilo kenako a sola, nkudzala popi wochuluka kuposa kale kumalo komwe boma silinkafikako. Mu 2017 dziko linafika pa mahekitala 328,000 ndi matani 9,000. Ofesi ya America yofufuza momwe ndalama zinayendera, SIGAR, inati dzikolo linaononga madola 8.6 biliyoni pa nkhondo ya mankhwalayi pakati pa 2002 ndi 2017.

Funso loti kodi opiyamu ndi amene ankayendetsa a Taliban nalonso lili ndi mbali ziwiri. Malipoti a UN ndi akuluakulu a asilikali a America ankatchula madola mamiliyoni mazanamazana pachaka, nchifukwa chake kumapeto a 2017 anayamba kuphulitsa timafakitale ta heroin ndi ndege. Mansfield ndi anzake atafunsa alimi ndi amalonda za misonkho yeniyeni yomwe ankalipira anapeza ndalama zochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo anati a Taliban ankapeza zambiri potolera msonkho pa malole a katundu wamba ndi mafuta m'misewu. Anasonyezanso kuti zambiri zomwe ndege zinkaphulitsa zinali nyumba zadothi zokhala ndi migolo ndi mabeseni, zomangikanso m'masiku ochepa. Ine ndimapendekera kwa amene anakhala pansi ndi alimi, ngakhale ndi zoona kuti nambala zonse za geni yobisika ndi zongoyerekeza. Chomwe mbali zonse zimavomereza nchoti apolisi, abwanamkubwa ndi anthu a m'boma lomwe America inkalithandiza nawonso ankadya nawo.

Moto unafalikira kwa oyandikana nawo. Iran akuti wataya apolisi ndi asilikali pafupifupi 4,000 pomenyana ndi ozembetsa m'malire ake. Pakistan, komwe heroin sankadziwika kwenikweni isanafike 1979, anadzaza ndi osuta m'zaka zochepa chabe. Njira ina imadzera Tajikistan kupita ku Russia, ina Iran ndi Turkey kupita ku Ulaya. Ndipo ina ndi yathu ino: katundu amatsika kugombe la Makran, kum'mwera kwa Pakistan ndi Iran, kukwezedwa m'zombo zamatabwa zoyenda pa nyanja ya India mpaka ku Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mu Epulo 2014 sitima yankhondo ya Australia inagwira makilogalamu oposa 1,000 m'chombo chimodzi kufupi ndi Kenya. Joseph Hanlon, yemwe walemba za Mozambique kwa zaka zambiri, anayerekeza mu 2018 kuti matani 40 kapena kuposa amadutsa m'dzikomo chaka chilichonse, kutsitsidwa pagombe ndi timabwato nkuyenda pamsewu mpaka Johannesburg, ndipo kale mu 2010 America inali itaika wamalonda wa ku Mozambique, Mohamed Bachir Suleman, pa mndandanda wa akuluakulu a geniyi, zomwe iye anakana. Zigawenga zitayamba ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique, mu Okutobala 2017 ambiri anathamangira kunena kuti heroin ndi amene akuzilipira, koma ofufuza a Global Initiative Against Transnational Organized Crime sanapeze umboni wolimba, anaona kuti ozembetsa anangosunthira kum'mwera kuthawa nkhondoyo. Chomwe geniyi inachita ku Cabo Delgado ndi kuoletsa madoko, apolisi ndi andale ndi ziphuphu kwa zaka zambiri nkhondo isanayambe. Ndipo katundu wodutsa amatayikira m'njira: abale athu okhala ku Joni amaidziwa nyaope, yomwe mphamvu yake ndi heroin yemweyu, ndipo Dar es Salaam inachita kutsegula kiliniki ya methadone, mankhwala othandiza kusiya heroin, pa chipatala cha Muhimbili mu 2011 chifukwa cha kuchuluka kwa odzibaya.

Nde tabwerera pa lamulo loletsa popi lija la mtsogoleri wa a Taliban Haibatullah Akhundzada la pa 3 Epulo 2022. Amene akuti nzabodza akulakwitsa, zithunzi za setilaiti za kampani ya Alcis zinasonyeza Helmand akutsika kuchoka pa mahekitala oposa 120,000 kufika osakwana 1,000. Koma lipoti lomwe lija la UNODC lili ndi nambala ina yomwe oyamikira sakonda kuitchula: ndalama zomwe alimi ankapeza pogulitsa opiyamu zinatsika kuchoka pa madola 1.36 biliyoni kufika pa 110 miliyoni. Lamuloli linalengezedwa zokolola za 2022 zili pafupi ndipo zinaloledwa kukololedwa, choncho eni minda akuluakulu a kum'mwera anasunga katundu nkumagulitsa pang'ono pang'ono mtengo utadutsa madola 700 pa kilogalamu, pomwe tenanti ndi waganyu analibe chosunga. Myanmar, yomwe ili pankhondo chilandireni boma asilikali mu 2021, inatenga malo oyamba pa ulimi wa opiyamu mu 2023 ndi matani pafupifupi 1,080. Ku Britain ayamba kupeza mankhwala opangidwa m'fakitale otchedwa nitazenes, amphamvu kwambiri kuposa heroin, m'matupi a anthu omwalira, ndipo madokotala akuopa kuti heroin akasowa amenewa ndi amene alowe m'malo.

Mkati mwa Afghanistan momwemo popi wasunthira kumpoto chakum'mawa. Mu 2024 UNODC inati minda yakweranso kufika pa mahekitala 12,800, yambiri ku Badakhshan, dera lamapiri la timinda ting'onoting'ono komwe tirigu sakwanira kudyetsa banja chaka chonse, ndipo anthu ake ambiri ndi a mitundu ya Tajik ndi Uzbek pomwe atsogoleri a Taliban ambiri ndi a Pashtun akum'mwera. Mu Meyi chaka chimenecho magulu oononga minda atalowa m'maboma a Darayim ndi Argo, anthu a m'midzi anatuluka kukawatsekereza, mfuti zinalira, anthu anafa, ndipo boma la ku Kabul linachita kutumiza mkulu wa asilikali Fasihuddin Fitrat, yemwe kwawo ndi ku Badakhshan komweko, kuti akakambirane ndi akuluakulu a m'midzimo.